Mankhwala opha udzu olembedwa kuti "amine": madzi osungunulira ndi ofunika kusankha bwino

Alimi ambiri amene amagula 2,4-D kapena glyphosate amawerenga mlingo wokha pa botolo, koma chimene chimapangitsa kuti mankhwalawa agwire kapena alephere nthawi zambiri ndi madzi amene athiridwa mu sipuleya.

Ma amine ndi gulu la mankhwala ochokera ku amoniya, ndipo naitirojeni imene ili mwa iwo imakoka haidirojeni kuchoka ku asidi. Pa chifukwa chimenechi, amine akakumana ndi asidi zimagwirana n'kupanga mchere (osati wothira m'ndiwo, koma wa mankhwala), ndipo mchere wotere umasungunuka mosavuta m'madzi. Izi n'zimene opanga mankhwala amadalira. 2,4-D payekha ndi asidi amene sasungunuka bwino, choncho amamuphatikiza ndi amine wotchedwa dimethylamine; glyphosate, amene anayamba kugulitsidwa mu 1974, kawirikawiri amamuphatikiza ndi amine wina wotchedwa isopropylamine.

Mgwirizano umenewu si wokhalitsa, ndipo apa m'pamene mlimi ayenera kusamala kwambiri. Madzi amene sachita thovu ndi sopo amakhala ndi kashiamu ndi maginiziyamu wambiri, ndipo zinthu zimenezi zimalanda malo a amine n'kupanga mchere wina umene tsamba la udzu siliyamwa bwino. Nthawi zina mcherewu umadikha pansi n'kutseka nozo, mlimi n'kumaganiza kuti anamugulitsa mankhwala achinyengo pamene vuto lili m'madzi. Ngati madzi amene muli nawo ndi otere, ndipo malangizo a pa botolo akulola, sungunulani kaye ammonium sulphate (mchere umene umagwiritsidwanso ntchito ngati feteleza) m'madzimo musanathire glyphosate, osati pambuyo pake, chifukwa ntchito yake ndi kugwira kashiamuyo asanafike ku mankhwala. Madzi a matope nawonso ndi osayenera, pakuti dothi limamatirira glyphosate n'kumupha mphamvu. Musawonjezere asidi mu 2,4-D amine mwachisawawa, chifukwa madzi akakhala a asidi kwambiri mankhwalawa amasiyana ndi amine uja n'kuleka kusungunuka. Musanadzaze sipuleya yonse, yesani kusakaniza pang'ono m'botolo loonekera mkati, ndipo mukaona kuti zikuchita mibulu kapena zikudikha, sinthani madzi.

Ubwino wa 2,4-D wa amine poyerekeza ndi mtundu wina wa 2,4-D wotchedwa ester ndi wakuti sauluka msanga ngati nthunzi kukatentha, ndipo ine ndimalangiza amene ali ndi minda yoyandikana ndi thonje, tomato, fodya kapena nyemba kuti asankhe wa amine. Komabe timadontho touluka ndi mphepo timawononga mbewu zimenezi chimodzimodzi, choncho musapopere kukamawomba mphepo. Dziwaninso kuti popeza amasungunuka mosavuta, mvula ikagwa mutangopopera imamutsuka pa masamba. Yang'anani pa botolo maola amene ayenera kudutsa mvula isanagwe.

2,4-D wa amine amapweteka maso kwambiri, kotero valani magalasi oteteza ndi magolovesi posakaniza, ndipo akakudontherani m'maso tsukani ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi zosachepera 15 kenako pitani kuchipatala mutatenga botolo lake. Glyphosate musamusungunulire kapena kumusunga m'ndowa ya malata, chifukwa amadya zinki n'kutulutsa mpweya wa haidirojeni umene umayaka moto. Gwiritsani ntchito chiwiya cha pulasitiki.