Kanyamulidwe ka katundu pa kaliyala wa padenga la galimoto yoyenda m'misewu yovuta

Musanakweze katundu aliyense padenga la Land Cruiser, Hilux kapena Pajero, fufuzani manambala awiri. Yoyamba ili m'buku la galimotoyo, ndipo imanena makilogalamu amene denga lingasenze galimoto ikuyenda. Pa magalimoto ambiri amtunduwu imakhala pakati pa 75 ndi 100. Yachiwiri ndi imene opanga kaliyala analemba. Mwa manambala awiriwa tsatirani yocheperayo, chifukwa kaliyala wolimba sawonjezera mphamvu ya denga limene wakhalapo.

Apa ndi pamene madalaivala ambiri amasocherera. Kaliyala mwiniyo amawerengedwa ngati katundu, ndipo nambala ya m'bukuyo inaikidwa poganizira msewu wa phula. Pamsewu wa dothi wa mabampu, katundu amadumpha n'kumamenya denga mobwerezabwereza, choncho opanga makaliyala ena amalangiza kugawa nambalayo ndi 1.5. Tiyerekeze kuti denga lanu limalola makilogalamu 100. Mukachoka pa phula atsala pafupifupi 66, ndipo mukachotsapo kaliyala wachitsulo wolemera 30, mwatsala ndi 36 basi. Madzi okwana lita imodzi amalemera kilogalamu imodzi, motero zigubu ziwiri za malita 20 zadutsa kale malire musanakwezeko ngakhale matilesi. Tenti yogonamo padenga, imene kawirikawiri imapitirira makilogalamu 50, imayenera kulowa m'masamu omwewa, ngakhale kuti anthu angathe kugonamo bwinobwino usiku, popeza galimoto ikaima denga limapirira zolemera kwambiri kuposa ikamayenda.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri si kupindika kwa denga ayi, koma kugubuduka. Galimoto zimenezi n'zazitali kale, ndipo chilichonse cholemera chimene chakwera pamwamba chimachititsa kuti galimoto izipendekera kwambiri pokhota. Amene anakwerapo msewu wa Golodi kuchokera ku Chitimba kupita ku Livingstonia amadziwa mmene makona ake alili akuthwa, phompho lili pambali pomwepo. Pamalo otere, tayala limodzi likangolowa m'kadzenje, dalaivala amamva galimoto yonse ikukokedwa ndi katundu wa pamwamba, chiwongolero chili m'manja koma chosathandiza kwenikweni.

Choncho gawani katundu motere: jeke, bokosi la masipanala, zigubu za madzi, batire lapadera ndi matumba a ufa zikhale pansi m'galimoto, pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo, ndipo zimangidwe kuti zisathamangire okwera mukaponda mabuleki mwadzidzidzi. Padenga pakhale zinthu zotenga malo koma zopepuka, monga matilesi, mipando yopinda, zofunda ndi mphasa. Ngati mwakakamizika kukweza zigubu za mafuta pamwamba, popeza petulo sayenera kukhala m'kati momwe muli anthu, ziikeni pakati pa kaliyala pamwamba pa miyendo yake, ndipo muthire mafutawo m'thanki mukangopeza mpata.

Pomanga, malegeni asiyireni njinga. Amatamuka, amawauka ndi dzuwa, ndipo amaduka osachenjeza. Gwiritsani ntchito malamba okhala ndi chokungira, awiri kapena kuposerapo pa katundu aliyense, okolekedwa ku chitsulo cha kaliyala osati ku katundu mnzake. Lona ipindireni pansi pa katundu cha kutsogolo kuti mphepo isalowemo, ndipo nsonga za malamba zimangidwe zisamakupize. Mukatha, gwirani katunduyo ndi manja awiri n'kumugwedeza mwamphamvu: galimoto yonse ndiyo iyenera kugwedezeka, osati katundu yekha.

Mukayenda kwa mphindi 15 pamsewu wa dothi, imani mukungenso malamba, chifukwa katundu amakhala atakhazikika ndipo malambawo amakhala atakhwefuka. M'mawa uliwonse paulendo wautali, monga wochokera ku Rumphi kukwera ku Chelinda pa Nyika, pitani ndi sipanala pa bawuti iliyonse ya miyendo ya kaliyala. Mukaona fumbi lofiira ngati dzimbiri pamene mwendo wakhudza denga, kapena penti itang'ambika pamalopo, dziwani kuti chitsulo chikukhulana ndi chinzake, ndipo tsitsani katundu wina musanapitirize ulendo.