Mtima ukawira: momwe ndimadzikhazikira pansi ndi njira ya DBT

Ine ndimapsa mtima msanga. Kale uthenga umodzi wa pa WhatsApp unkatha kundinjenjemeretsa usiku wonse, ndipo ndinkayankha mawu oti kukacha ndinkachita nawo manyazi. Chomwe chandithandiza ndi maluso a DBT (Dialectical Behaviour Therapy), chithandizo chomwe katswiri wa zamaganizo Marsha Linehan anakonza ku University of Washington mumzinda wa Seattle m'zaka za m'ma 1980, pofuna kuthandiza anthu odzivulaza ndi ofuna kudzipha. Mu 2011 iye mwini anaulula kuti ali mtsikana anagonekedwapo m'chipatala chifukwa cha vuto lomweli. Mfundo yake ndi yakuti zinthu ziwiri n'zoona nthawi imodzi: zomwe mukumva mumtima si zabodza, komabe zochita zanu muyenera kuzisintha.

Choyamba, imani. Foni ikani pansi, musayankhe aliyense. Mtima ukafika pachimake nzeru sizigwira, ndiye yambani ndi thupi.

Chachiwiri ndi madzi ozizira, ndipo apa ndi pamene ndinalakwitsa. Mumathira madzi m'beseni, kukhala pansi, kugwira mpweya, n'kuviika nkhope mpaka m'masaya ndi pachipumi kwa masekondi osapitirira 30. Thupi limaona ngati mwamira, ndiye limachepetsa kugunda kwa mtima lokha. Tsiku loyamba ndinaganiza kuti kuzizira kwambiri ndiye kuchira msanga. Ndinadzaza aisi m'ndowa, ndinaviika mutu wonse ndili chiimire m'bafa, ndinapirira mpaka chifuwa kuwawa, kenako n'kudzuka mwadzidzidzi. Maso anachita mdima, miyendo inalefuka, ndinangozindikira ndili pansi chipumi chitatupa. Mchemwali wanga ndi amene anandidzutsa. Choncho madzi asazizire kupyola madigiri 10, khalani pampando, ndipo mukamaliza musadzuke msanga. Ngati muli ndi vuto la mtima, mumamwa mankhwala a BP ochepetsa kugunda kwa mtima, kapena muli ndi matenda okana kudya, musayese musanafunse dokotala. Izi ndikunena motsindika.

Aisi wogula si wofunika kwenikweni, musawonongerepo ndalama. Magetsi akazima ine ndimatunga madzi a mumtsuko, kapena kunyowetsa kansalu n'kukaika m'maso ndi m'masaya. Zimagwira ntchito ndithu, ngakhale pang'onopang'ono.

Mukaumitsa nkhope, pumani mochedwa. Kokani mpweya mukuwerenga mpaka 4, tulutsani mukuwerenga mpaka 6 kapena 8. Chinsinsi n'chakuti kutulutsa kutalike kuposa kukoka. Ngati thupi likadali kutentha, thamangani, dumphani chingwe, kapena sinjani chimanga kwa mphindi zingapo.

Kenako tchulani chomwe mukumva: ndi mkwiyo, mantha, kapena manyazi? Dzifunseni ngati zomwe zachitikazo zikulingana ndi kukula kwake. Ngati sizikulingana, chitani zosiyana ndi zomwe mtima ukukutumani. Ukati kalipa, tsitsani mawu kapena chokanipo. Ukati dzitsekere m'chipinda, tulukani mukapereke moni kwa aneba.

Madzulo lembani m'kope chomwe chinakuputani, mphamvu yake kuyambira 0 mpaka 5, ndi luso lomwe munayesa. Kope wamba la ana asukulu likwanira.

Chenjerani ndi anthu a pa Facebook ogulitsa "DBT ya masiku atatu" n'kumati mutumize ndalama pa foni kaye. DBT yeniyeni imatenga nthawi: kukumana ndi mlangizi sabata iliyonse, kuphatikizapo gulu lophunzira maluso kwa masabata 24, ndipo ambiri amabwereza mpaka chaka. Zomwe ndalemba pano ndi kachigawo chabe. Ngati maganizo odzipha akukubwererani, musadikire beseni la madzi. Uzani m'bale wanu lero lomwe, mupite ku chipatala chapafupi, ku St John of God ku Mzuzu kapena ku Lilongwe, kapenanso ku Zomba Mental Hospital.