Backup ndi rsync, osadikira kuti laputopu ife kaye

Sabata yatha ndinadutsa pa studio ina ku Area 25, ndinapeza mnyamata wojambula maukwati atagwira kumutu, laputopu yangoti zii, zithunzi za chinkhoswe cha eni ake zonse zili momwemo. Ndimufunse kuti achimwene backup ilipo, akuti amakopera mu flash akakumbukira. Akakumbukira! Ndiye tiyeni tikambirane za rsync, poti zokoka mafoda ndi mausi tsiku ndi tsiku munthu umatopa nazo n'kuzisiya.

rsync ndi kapulogalamu kokopera mafayilo, kolemba pa terminal (kawindo kolembamo malamulo a kompyuta), anakapanga Andrew Tridgell ndi Paul Mackerras mu 1996. Pa Ubuntu mungolemba sudo apt install rsync, pa Mac kamabwera kale, a Windows dzerani pa WSL, yomwe imayendetsa Linux mkati mwa Windows. Nzeru yake ndi yoti kamayang'ana kukula kwa fayilo ndi nthawi yomwe inasinthidwa, n'kungotumiza zokhazo zasintha. Tsiku loyamba mudikira ndithu, koma mawa lake mukawonjezera zithunzi 40, zodutsa ndi 40 zomwezo basi.

Lumikizani hard drive yanu mulembe chonchi, koma pa inu muikepo dzina lanu la pa kompyuta, pa HARD dzina la hard drive yanu:

rsync -av ~/Zithunzi/ /media/inu/HARD/Zithunzi/

Ka -a kamatenga mafoda onse a mkati pamodzi ndi madeti ake ndi ma permission (zilolezo za amene angatsegule kapena kusintha fayilo), ka -v kamakuonetsani zomwe zikudutsa. Koma taonani ka slash kali kumapeto kwa Zithunzi yoyambayo, apa mpomwe ambiri amagwa. Kakakhalapo ndiye kuti tenga za mkati mwa fodayo, mukakaiwala rsync imanyamula foda yonse n'kukaiika mkati mwa inzake, mumangopeza Zithunzi mkati mwa Zithunzi, disk yadzadza osadziwa chadzadzitsa.

Tsopano --delete. Iyi imafufuta ku hard drive chilichonse chomwe pa laputopu palibe, kuti mbali ziwirizo zifanane. Ndi yabwino koma ilibe chisoni, mukasemphanitsa kochokera ndi kopita, mwina foda yopanda kanthu mwaiika koyamba, isesa ntchito ya chaka chonse osafunsa kuti mwatsimikiza kapena ayi. Ine sindiyendetsa --delete ndisanayese ndi -n, yomwe imangosonyeza zomwe zichitike osakhudza kanthu. Werengani mizere yomwe ikuyamba ndi mawu oti deleting, ngati ikukudabwitsani imani pompo.

Ndipo apa ndinene mosabisa, kufananitsa mafoda pakokha si backup. Mwana akafufuta foda Lachiwiri, kapena virus yaononga mafayilo, inu n'kuyendetsa rsync ndi --delete Lachitatu, zoonongekazo zikalowa m'malo mwa zabwino ku hard drive. Mankhwala ake onjezerani -b ndi --backup-dir=/media/inu/HARD/zakale, pamenepo chilichonse chofufutidwa kapena chosinthidwa chimasamukira ku zakale m'malo motayika. Dzina la fodayo muziliika deti, za sabata ino zisaphimbe za sabata yatha.

Za magetsi tonse tikuzidziwa. Akathima muli pakati musadandaule, akabwera yendetsani lamulo lomwelo ipitiriza ndi zotsala, ndipo mukaikapo -P, mukaiimitsa nokha rsync ngakhale fayilo yaikulu yodukira panjira siitaya.

A ma flash mumve izi: ma flash ambiri amabwera ndi FAT32, njira yosungira mafayilo yomwe silandira fayilo yofika 4GB, ndiye vidiyo ya ukwati ikana basi, vuto si rsync. FAT32 simadziwanso za ma permission ndipo nthawi imawerenga modumpha masekondi awiriawiri, nchifukwa chake rsync imatha kumakoperanso zomwezomwezo. Pamenepo siyani -a, gwiritsani -rtv --modify-window=2.

Amene muli ndi seva kwinakwake, rsync imayendanso pa ssh (njira yotetezeka yolumikizira kompyuta yakutali), ndipo kumeneko imangotumiza tizigawo ta fayilo tomwe tasintha, bandulo sitha msanga.

Hard drive-yo isamagone m'chikwama chimodzi ndi laputopu, akakutsomphorani mu depoti zapita zonse. Ina izikhala kunyumba, ina kwa achemwali ku Kawale muzikaisintha pamwezi. Ndipo Loweruka lina ilumikizeni pa kompyuta ya mnzanu, mutsegule zithunzi zisanu ndi vidiyo imodzi muone ngati zikutseguka.