Momwe mungaphunzitsire ana a sekondale kagayidwe ka chakudya potsata mbamu ya nsima

Aphunzitsi anzanga a Biology, mutu uwu ambiri timangojambula chithunzi pa bodi, ana akopera, aloweza maina, basi tapita kutsogolo. Koma mufunseni mwana kuti nsima imene wadya masana yafika pati tsopano ndipo chikuichitikira n'chiyani, angoyang'ana pansi. Njira imene ine ndimaikhulupirira ndi yotenga mbamu imodzi ya nsima, yosunsa m'chiwawa chotendera nshawa ndi kapenta pang'ono, n'kuilondola kuchokera m'kamwa mpaka ku chimbudzi. Mbale imeneyi ili ndi sitachi, mapuloteni, mafuta ndi fibre, zonse zimene silabasi ikufuna, ndipo zipangizo zophunzitsira mungazipeze m'misika ya ku Chipata, ku Saturday Market kapena ku Kapata, olo sukulu yanu ilibe labu yodzaza.

Choyamba tulutsani ana panja ndi chingwe cha mamita 9, ndiwo pafupifupi utali wa njira yonse ya chakudya mwa munthu wamkulu. Ayeze okha ndi rula n'kumanga mfundo: mmero masentimita 25, kenako chifu, matumbo aang'ono mamita 6 mpaka 7, matumbo aakulu mita imodzi ndi theka. Akamaliza muuzeni mwana mmodzi apinde chingwe chonsecho achigwire pamimba pake. Mphindi khumi chabe, koma funso loti chifukwa chiyani matumbo aang'ono atalika chonchi lidzachokera kwa iwo eni, inu musaliyankhe pompo, liyembekezere mpaka mufike kumeneko.

Mukabwerera m'kilasi yambani ndi m'kamwa, ndipo apa musathamange chifukwa mwana akamvetsa enzyme, mankhwala a m'thupi amene amafulumizitsa kugaya chakudya, pano ndiye kuti zina zonse zaphweka. Patsani aliyense kachidutswa ka buledi kapena nsima yozizira yopanda ndiwo, atafune mphindi ziwiri kapena zitatu osameza. Ena ayamba kunena kuti kayamba kutsekemera. Pamenepo ndi pofotokozera kuti mano, amene munthu wamkulu ali nawo 32, amangophwanya chakudya kukhala tizidutswa koma sitachi imakhalabe sitachi, pomwe enzyme ya m'malovu yotchedwa amylase imasintha sitachiyo kukhala shuga wotchedwa maltose. Kusiyana kwa kugaya kwa mano ndi kugaya kwa enzyme ana amakusokoneza kwambiri, mukulembe pa bodi pomwepo akali kutafuna.

Tsopano bweretsani thobwa mu nkhani. Afunseni kuti amayi kapena agogo akathira chimera m'phala lolimba chimachitika n'chiyani, pafupifupi aliyense wa kuno ku Chipata, Katete, Chadiza adzakuuzani kuti phalalo limasungunuka n'kuyamba kutsekemera. Chimera chili ndi amylase, mizu ya munkoyo nayonso chimodzimodzi. Funso lachiwiri ndiye labwino koposa, chifukwa chiyani amadikira phala lizizireko asanathire chimera? Ana amadziwa kuti likakhala lotentha kwambiri thobwa sikhala bwino, chimene sadziwa n'chakuti kutentha kumawononga enzyme, ndipo mukawauza mudzaona nkhope zikusintha.

Yesani pamaso pawo. Viikani chimera m'madzi kwa ola limodzi, sefani ndi kansalu koyera mugwiritse ntchito madzi okhawo chifukwa chimeracho chili ndi sitachi yakeyake, chingakusokonezeni. Phikani phala lamadzimadzi kwambiri la ufa woyera, lizizire lingotsala lofunda, muligawe m'makapu atatu. Kapu yoyamba thirani madzi wamba, yachiwiri madzi a chimera, yachitatu madzi a chimera amene mwayamba mwawawiritsa. Ikani makapu m'beseni la madzi ofunda, pafupi ndi madigiri 37 a thupi la munthu, pakapita theka la ola donthezerani ayodini pa mbale yoyera. Yoyamba ndi yachitatu zidzada bii mwa buluu, yachiwiri mtundu udzachepa kapena kusowa. Ngati phala mwalimbitsa zidzachedwa ndipo belu lidzakupezani, choncho yesani nokha dzulo lake kunyumba. Amene ali ndi Benedict's solution, mankhwala oyezera shuga, achitenso ndi malovu, gulu lililonse malovu a mwana mmodzi, makapu atsukidwe ndi sopo pambuyo pake. Akatenthetsa mtundu umasintha kupita ku wofiirira, kusonyeza kuti shuga wapangika.

Za mmero sizifuna nthawi yaitali. Dulani sokisi yakale kunsonga, ikanimo ndimu, mwana aikankhe pofinya kumbuyo kwake mpaka ituluke, ndiyo peristalsis imeneyo. Aikankhenso chokweza kumwamba kuti aone kuti chakudya chimakankhidwa ndi minofu, sichigwa chokha. Tchulaninso epiglottis, kamene kamatseka njira ya mpweya tikamameza, aliyense anatsamwidwapo polankhula uku akudya.

M'chifu mbamu yathu yakumana ndi hydrochloric acid, pH yake pafupifupi 2. Asidiyu amapha tizilombo tambiri tobwera ndi chakudya, amaimitsa amylase ya m'malovu ndipo amapatsa enzyme yotchedwa pepsin malo abwino oyambira kugaya mapuloteni a kapenta ndi nshawa zija. Nthawi zonse pamapezeka mwana wofunsa kuti nanga bwanji chifu sichidzigaya chokha, muyamikireni ameneyo, yankho ndi mamina okhuthala amene amakuta khoma lake. Ine pano ndimakonda kuwauza nkhani ziwiri. Mu 1822 mnyamata wina dzina lake Alexis St. Martin anawomberedwa pamimba ndipo bala linapola koma linasiya bowo lofika m'chifu, dokotala William Beaumont ankamanga chakudya pa ulusi n'kulowetsa pabowopo kuti aone momwe chikugayikira, zimene anapeza anazifalitsa mu 1833. Nkhani ina ndi ya zilonda za m'mimba. Kuno anthu ambiri amati zimabwera ndi njala kapena kuganiza kwambiri, koma Barry Marshall ndi Robin Warren a ku Australia anasonyeza kuti zambiri zimayamba ndi bakiteriya wotchedwa Helicobacter pylori, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2005. Mankhwala opha ululu monga asipirini ndi diclofenac akamamwedwa pafupipafupi nawonso amayambitsa zilondazi. Izi ana azikazinena kunyumba, pali makolo ambiri amene akungomwa mkaka ndi soda m'malo mopita kuchipatala kukapimitsa.

Tsiku la matumbo aang'ono pitani ku butchala m'mawa mukagule zam'kati zikali zatsopano, chiwindi chokhala ndi ndulu yake ndi chidutswa cha matumbo. Za nkhumba zimafanana kwambiri ndi za munthu, koma muyambe mwadziwa kilasi yanu, ana ena chipembedzo chawo sichiwalola kuigwira ndipo musawakakamize, tengani za mbuzi. Kungoti mukatenga za mbuzi muwachenjeze kuti chifu chake chili ndi zigawo zinayi pomwe cha munthu n'chimodzi. Valani magulovu kapena mapulasitiki m'manja, madzi ndi sopo zikhale pakhomo. Mwana aliyense amene anathandizapo kutumbula nkhuku amadziwa kuti ndulu ikaphulika nyama imawawa, yambirani pamenepo. Madzi a ndulu amapangidwa ndi chiwindi, kathumba kaja kamangosunga, ndipo mulibemo enzyme ayi, mfundo imeneyi muibwereze mpaka atope nanu. Ntchito yake ndi kuchepetsa mphamvu ya asidi wochokera m'chifu ndi kuswa mafuta kukhala timadontho ting'onoting'ono kuti lipase, enzyme yogaya mafuta yochokera ku pancreas (kapamba), ipeze pogwira. Thirani saladi, mafuta ophikira aja, ndi madzi m'mabotolo awiri, limodzi muwonjezere dontho la sopo wotsukira mbale, akhutchumule onse awiri aone lomwe mafuta abwerera msanga pamwamba. Pancreas yomweyo imatumizanso amylase yomaliza sitachi imene inatsala m'kamwa, ndi trypsin ya mapuloteni.

Apa tsopano yankhani funso la chingwe lija. Chakudya chogayika, glucose, ma amino acid, fatty acid ndi glycerol, chiyenera kulowa m'thupi ndipo chimafuna malo aakulu olowera, n'chifukwa chake matumbowa ndi aatali, opindikapindika m'kati komanso odzaza ndi ma villi, tinthu ting'onoting'ono tonga tizala totuluka pa khoma. Ng'ambani chidutswa cha matumbo chija chautali, chitsukeni, chiikeni m'madzi ana akhudze m'kati amve kufewa kwake. Kenako thirani madzi pang'ono pa desiki, wina apukute ndi thaulo wina ndi kansalu kosalala kofanana kukula, thaulo imamwa ambiri chifukwa cha tiulusi take. Ajambule villus imodzi yaikulu tsamba lonse, khoma la selo imodzi kukhuthala, timitsempha ta magazi, ndi lacteal pakati yotenga mafuta. Shuga ndi ma amino acid amapita kaye ku chiwindi kudzera mu hepatic portal vein, ndipo shuga wotsala amasungidwa kumeneko ngati glycogen.

Chotsala ndi fibre ya chiwawa, imene thupi lathu lilibe enzyme yoigaya. Matumbo aakulu amayamwa madzi, zotsalazo zimatuluka. Ana aseka mukatchula chimbudzi, alekeni aseke kenako pitirizani, chifukwa apa ndi pamene phunziro likhudza moyo wawo. Kambani za kusiyana kwa ufa wa mgaiwa ndi woyera pa nkhani ya kudzimbidwa, ndiponso za kutsegula m'mimba, ambiri akukumbukira kolera ya 2023 mpaka 2024 imene inachedwetsa kutsegulira masukulu muno m'Zambia. Chimene chimapha ndi kutha kwa madzi m'thupi, ndipo ORS, madzi a shuga ndi mchere omwetsa wotsegula m'mimba, imagwira ntchito chifukwa glucose ndi mchere zimalowa limodzi pa khoma la matumbo aang'ono n'kukokera madzi m'magazi. Aphunzitseni kupanga yapakhomo pamene ya m'paketi palibe, lita imodzi ya madzi owiritsa, tisupuni tating'ono 6 ta shuga tosasefukira ndi theka la kasupuni ka mchere, wodwalayo azimwa ali pa ulendo wa kuchipatala. Musaiwale kusiyanitsa egestion ndi excretion, chimbudzi ndi chakudya chimene sichinalowepo m'maselo, pomwe mkodzo uli ndi zinyalala zimene maselo apanga.

Pomaliza muwayese. Mayeso a ECZ, bungwe loona za mayeso ku Zambia, amalembedwa m'Chingerezi, choncho fotokozani m'Chinyanja pamene pavuta koma manotsi ndi maina akhale a Chingerezi ndi masipelo olondola. Gawani ana m'magulu, gulu lililonse litenge chakudya chake, vitumbuwa, kandolo, dzira lowiritsa, nyemba, ndipo alembe tebulo losonyeza malo, enzyme, pH, chimene chikugayidwa ndi chimene chapangika. Kenako abwerere ku chingwe panja, mwana mmodzi aime pa mfundo iliyonse afotokoze chimene chikuchitikira chakudya cha gulu lake pamalo amenewo osayang'ana m'buku. Zonsezi mungazigawe m'ma double period atatu kapena anayi, ndipo la chimera ndi la ku butchala musawaphatikize tsiku limodzi, lililonse limafuna mphindi 80 zake zonse.