Momwe mungasakanizire bourbon, mango ndi minti dzuwa likamaswa mtengo

Kumapeto kwa Okutobala, mvula isanagwe, kumatentha moti ngakhale mowa wa m'firiji umafunda usanafike theka la botolo. Ndi nthawi yomweyinso imene mango amayamba kudzaza madengu m'mbali mwa misewu ya ku Salima ndi kuchigwa cha Shire. Ziwirizi zikakumana, ine ndimatsitsa botolo la bourbon pashelefu.

Bourbon ndi wisiki wa ku America, koma ali pachibale ndi ife chifukwa ndi mowa wa chimanga. Lamulo la kwawoko limati pa mbewu zophikira mowawu, chimanga chisachepere 51 peresenti, mowawo usungidwe m'migolo yatsopano ya mtengo wa oak yowaulidwa mkati, ndipo polowa m'botolo ukali wake usatsike pa 40 peresenti. Chimangacho ndi kupsa kwa mgolo ndi zimene zimam'patsa kafungo ka vanila ndi ka shuga wopserera pang'ono, n'chifukwa chake amamvana ndi zipatso kusiyana ndi wisiki wa ku Scotland wonunkhira utsi uja. Ku Kentucky, komwe kumaphikidwa bourbon wambiri, amam'sakaniza ndi minti, shuga ndi ayezi n'kukhala mint julep, chakumwa cha pa Kentucky Derby, mpikisano wa mahatchi wa ku Louisville womwe unayamba mu 1875. Mukawonjezerapo chipatso ndi mandimu, dzina limasintha n'kukhala smash. Iwo amakonda kuikamo mapichesi. Ife tili ndi mango, ndipo sindiona kuti taluzapo kanthu.

Zofunika pa tambula imodzi

Bourbon 50 ml, omwe ndi masupuni aakulu atatu ndi kasupuni ka tiyi kamodzi. Theka la bango lakupsa bwino. Masamba 8 a minti ndi kansonga kena kokongoletsera. Madzi a mandimu 20 ml. Madzi a shuga supuni imodzi yaikulu, 15 ml. Ayezi wambiri, kuposa amene mukuganiza.

Musawononge ndalama pa botolo lodula. Jim Beam wamba ndi wokwanira. Maker's Mark ndi wofewa pakhosi chifukwa amaikamo tirigu m'malo mwa mbewu yotchedwa rye, pomwe Wild Turkey 101, amene ukali wake ndi 50.5 peresenti, samira msanga mu ayezi. Ngati m'shopu muli Jack Daniel's yekha, tengani. Eni ake amam'tchula wisiki wa ku Tennessee, koma nayenso ndi wa chimanga ndipo ntchitoyi amaitha.

Mango asankheni ndi mphuno: akhale onunkhira kukamtengo, ofewa mukadina, koma osapsa mopitirira muyeso. Opanda ulusi ngati Kent savuta. Athu aulusi aja, amene amatisiya tikutokosa mano, amakoma kwambiri, koma afuna kuti musefe bwino.

Yambani ndi madzi a shuga

Shuga wouma sasungunuka m'chakumwa chozizira, amangokhala pansi pa tambula ngati mchenga. Ndiye thirani kapu imodzi ya shuga ndi kapu imodzi ya madzi m'kapoto, tenthetsani mukutakasa mpaka shuga yense asowe, phulani asanayambe kuwira, ndipo azizire. Wa bulauni amagwirizana bwino ndi bourbon kuposa woyera. M'botolo loyera, m'firiji, madziwa amakhala masabata awiri osavuta.

Tswanyani mango

Dulani mangowo tizidutswa n'kuwaponya m'botolo lagalasi la kukamwa kwakukulu lomwe lili ndi chivindikiro, ngati la jamu kapena la mayonezi lotsuka mpaka fungo litatha. Shaker, chokhutchumulira zakumwa cha kubala, si yofunika. Thiranimo madzi a shuga ndi a mandimu, kenako tswanyani ndi mpini wa mthiko mpaka zikhale ngati phala. Apa musanyengerere, dinani ndithu.

Mandimu akhale ofinya nthawi yomweyo. Popanda iwo, mango ndi shuga zimalemera pakamwa, ndipo mukamwa kawiri katatu mumayamba kufuna madzi.

Minti ndiye pamene ambiri amaphonya

Ine ndinaphonyaponso. Tsiku loyamba ndinasinja masambawo pamodzi ndi mango ngati ndikusinja nsinjiro, ndipo chimene chinatuluka chinali chowawira, chofiirira, chonunkha udzu wongotchetcha kumene. Alendo anamwa mwaulemu, koma palibe anapempha kachiwiri.

Fungo la minti lili m'mafuta amene amakhala pamwamba pa tsamba, m'timatuza tating'ono tomwe timaphulika mukangokhudza. Mukang'amba tsambalo n'kulipera, mumatulutsa madzi obiriwira a mkati, ndipo amenewo ndi owawa. Choncho masamba alowe mango atatswanyika kale. Adineni pang'onopang'ono katatu kapena kanayi, ngati mukudzutsa mwana, basi. Mukanunkhiza pakamwa pa botolo n'kumva minti, mwamaliza. Timitengo take musaike, masamba okhaokha. Ndipo ngati minti wanu wafota m'pepala la pulasitiki, mumizeni m'madzi ozizira kwa mphindi 10, amadzuka.

Khutchumulani n'kusefa

Thirani bourbon, ikani zidutswa zisanu za ayezi, tsekani chivindikiro molimba n'kukhutchumula mwamphamvu masekondi 12 mpaka 15, kufikira botolo litachita thukuta ndipo zala zayamba kumva kuzizira. Kukhutchumulaku sikungoziziritsa: ayezi amasungunuka pang'ono n'kuchepetsa ukali wa mowa, ndipo madzi amenewo ndi mbali ya chakumwachi.

Sefani ndi sefa ya tiyi, mukudina ndi supuni kuti madzi a mango onse adutse, ulusi ndi masamba zitsale.

Ayezi wa m'tambula

Akhale woswaswa, osati zibuluma. Kulungani ayezi m'kansalu koyera kouma, ikani pansi polimba n'kumenya ndi musi waung'ono kapena mpini wa mpeni mpaka akhale ngati timiyala ta matalala. Nsaluyo imamwa madzi osungunuka, ayezi n'kutsala wouma. Dzazani tambula mpaka pamwamba, thirani chosefa chija, n'kuunjikanso ayezi wina pamwamba ngati kachulu. Zimamveka zosemphana, koma ayezi wambiri ndiye amachedwa kusungunuka. Mukaika tiwiri tokha, pakangotha mphindi zochepa mukumwa madzi ofunda a mango. Masiku amene magetsi akuthimathima, gulani thumba la ayezi n'kulisunga m'kula bokosi, ndipo muziswa wa tambula imodzi imodzi.

Pomaliza tengani kansonga ka minti kaja, kaombeni kamodzi pakati pa zikhatho kuti fungo lituluke, n'kukazika mu ayezi pafupi ndi pomwera. Mphuno ndi imene iyambe kumwa.

Lawani. Ngati chatsekemera kwambiri, donthezani mandimu. Ngati chawawasa, theka la supuni ya madzi a shuga. Mango sakhala ofanana, ndiye miyeso ija ndi poyambira chabe. Amene akufuna chopepukirapo athire m'tambula yaitali n'kudzaza ndi soda.

Mukakhala ndi alendo asanu ndi mmodzi, tswanyani mango atatu, sefani, sakanizani m'jagi ndi bourbon 300 ml, mandimu 120 ml ndi madzi a shuga 90 ml, n'kuika m'firiji popanda ayezi. Minti mum'dine m'tambula ya aliyense nthawi yothira, chifukwa akakhalitsa m'jagi amada. Mango akatha, mapichesi a ku Dedza, chinanazi kapena masitiroberi a kuphiri la Zomba amalowa m'malo, kungoti masitiroberi amafuna shuga wowonjezera pang'ono.

Kuzizira ndi kutsekemera kumabisa ukali, koma 50 ml ya bourbon ili ndi mowa woposa wa m'botolo la 330 ml la mowa wa 5 peresenti, ndipo padzuwa umakwera msanga kumutu. Ikani jagi ya madzi akumwa patebulo pomwepo. Woyendetsa galimoto ndi aliyense wosakwana zaka 18 muwapangire chomwechi popanda bourbon: mango, mandimu, minti ndi ayezi, pamwamba tiyi wakuda wozizira kapena soda.