Momwe mungachotsere MySQL 5.7 n'kuika 8.4 osataya mafizi ndi malikisi a ana

Ngati kompyuta ya kusukulu kwanu, ku SACCO kapena kusitolo ikuyendabe ndi MySQL 5.7, pulogalamu yosungira database, dziwani kuti eni ake, a Oracle, anasiya kuikonza mu Okutobala 2023. Bowo lililonse lomwe akuba a pa intaneti angalipeze lero, palibe wolitseka. Nayo 8.0 nthawi yake yothera ndi Epulo 2026, ndiye kothawira ndi ku 8.4 yomwe inatuluka mu Epulo 2024. Ine ntchitoyi ndinaigwira pa sekondale ina yoti si yaboma kuno ku Dedza, komwe zonse za mafizi ndi malikisi zili m'kompyuta imodzi ya Windows mu ofesi ya a bursar.

Yambani ndi kufunsa chomwe muli nacho. Lowani mu MySQL, mulembe SELECT VERSION(), muone yankho. Likatuluka ndi dzina loti MariaDB, siyirani pomwepa, njira yanu ndi ina. Ambiri amene anaikiridwa XAMPP, phukusi la mapulogalamu a seva, amangoti ali ndi MySQL pomwe m'katimo muli MariaDB. Dziwaninso kuti kuchoka pa 5.7 simungalumphire pa 8.4, muyenera kudutsira pa 8.0. Ndipo 8.0 ikangogwira mafayilo anu, kubwerera ku 5.7 kulibe, pokhapokha muli ndi backup, kope la zonse zomwe zili mu database losungidwa padera.

Pa backup apa ndiye pamene ndikufuna tikhalepo. Tsegulani Command Prompt, mulembe mysqldump -u root -p --single-transaction --routines --events --databases sukulu --result-file=sukulu.sql, m'malo mwa sukulu muike dzina la database yanu. Mukasiya --routines, ma stored procedure, timapulogalamu tosungidwa mu database momwemo, amatsala ndipo mysqldump sikuuzani. Pa sukuluyi procedure ndi yomwe imawerengera ngongole ya mafizi ya mwana aliyense. Ndalemba --result-file dala, chifukwa mukagwiritsa ntchito chizindikiro cha > mu PowerShell ya pa Windows fayilo imatuluka mu UTF-16, ndipo pobwezeretsa imakana.

Tsono fayiloyo mukuisunga pati? Yanga inali pa flash ya 64GB yomwe ndinagula kwa mnyamata wina wogulitsa ma charger pafupi ndi depoti, pa mtengo wosafika ngakhale theka la womwe amatchula m'masitolo a ku Lilongwe. Munali kale mavidiyo a kwaya ndi mapulogalamu ena. Fayilo inalowa bwinobwino, kukula kwake kukuoneka kolondola. Loweruka masana, 8.0 ili m'kati mosintha matebulo, magetsi anathima, UPS, batire lija logwirizira kompyuta magetsi akathima, inalira kawiri n'kuzima nayo. Atayaka, MySQL sinadzukenso. Ndinatenga flash ija mtima uli m'malo, koma nditatsegula fayiloyo mu Notepad++ munali NUL NUL NUL, chizindikiro choti mulibe kanthu, kuyambira pamwamba mpaka pansi, popanda dzina la mwana ndi mmodzi yemwe. Ma flash achinyengowa amauza kompyuta kuti ndi aakulu pomwe malo enieni ndi ochepa, ndipo akadzaza, zomwe mukuwonjezera zimangopita kumphepo koma dzina la fayilo limaonekabe. A bursar anaima pakhomo atavala chijasi chawo cha mu Juni, n'kufunsa kuti, “Achimwene, Lolemba makolo akabwera ndi malisiti ndiwauza chiyani?” Chinatipulumutsa ndi foda ya Data yomwe ndinali nditakopera pa laputopu m'mawa, MySQL ili yozimitsa.

Ndiye chitani izi. Flash yatsopano iliyonse muiyese ndi H2testw, ndi yaulere, imadzaza flash yonse n'kuwerenganso. Imatenga nthawi, isiyeni usiku. Fayilo ya backup muitsegule kuchokera pa flash pomwepo, mupite kumapeto: mzere womaliza uyenera kuyamba ndi -- Dump completed on ndi tsiku. Kenako ibwezeretseni pa kompyuta ina, muwerenge mizere ya tebulo la mafizi ndi SELECT COUNT(*) uku ndi uku, manambala afanane. Onaninso maina okhala ndi ŵ, chifukwa 5.7 imayamba ndi latin1 pomwe 8.0 imayamba ndi utf8mb4, ndipo chilembochi ndi chomwe chimayamba kusanduka zizindikiro zachilendo. Pomaliza zimitsani MySQL mukopere foda yonse ya Data ndi my.ini, fayilo ya ma settings a MySQL, zonse zili mu C:\ProgramData\MySQL, muziike malo awiri osiyana.

Za kugula: MySQL Community Server ndi yaulere pa dev.mysql.com. Wina akabwera kuti akugulitsani laisensi yake kapena CD yake, mukaneni, akufuna kukudyerani. Chomwe mulipire ndi bandulo basi, ndipo koperani 8.0, 8.4 ndi MySQL Shell tsiku limodzi muli pa boma pomwe netiweki ikugwira, osati mukafike ku Kasumbu kapena ku Mayani ndiye muziyamba kufunafuna pokwera.

Mu MySQL Shell lumikizani ku seva yakaleyo, mulembe util.checkForServerUpgrade(). Ikupatsani mndandanda wa zomwe zidzavute. Pa sukulu, yembekezerani rank. Olemba mapulogalamu a malikisi amakonda kutcha choncho kolamu ya nambala yomwe mwana wakhala m'kalasi, koma mu 8.0 mawuwa MySQL inawatenga kukhala ake, pamodzi ndi groups ndi system. Sinthani dzinalo kapena muliike pakati pa zizindikiro izi `rank` paliponse m'pulogalamu. Mu my.ini fufutani mizere yonse ya query_cache ndi mawu oti NO_AUTO_CREATE_USER, zinachotsedwa, ndipo mukazisiya seva sidzuka.

Tsiku losinthalo sankhani la holide kapena Loweruka, ndipo batire la UPS muliyese pozula pulagi kukhoma muone ngati kompyuta ikhalabe yoyaka. Ngati pali jenereta, ilizeni. Lembani SET GLOBAL innodb_fast_shutdown=0; muzimitse 5.7, muike 8.0 n'kuilozera ku foda ya Data. Kuyambira pa 8.0.16 seva imasintha matebulo yokha ikamadzuka, mysql_upgrade sifunikanso. Musaikhudze mpaka itamaliza, muzingoyang'ana fayilo ya .err momwe seva imalembamo zomwe zikuchitika.

Ikadzuka, tsegulani pulogalamu ya sukulu, tulutsani lipoti limodzi la mafizi, tengani backup ina. Kenako bwerezani zomwezo kupita ku 8.4. Pulogalamu ikakana kulowa n'kumadandaula za authentication, ndi chifukwa choti 8.4 imabwera mysql_native_password ili yotseka. Onjezani mysql_native_password=ON mu my.ini pansi pa [mysqld] kuti Lolemba ntchito iyende, koma uzani amene anakulemberani pulogalamuyo akweze PHP ifike 7.4 kapena kuposa apo n'kusamutsira ma akaunti ku caching_sha2_password, njira yatsopano yotsimikizira password, poti mu 9.0 njira yakaleyo anaichotseratu.