Mmene Mungaitanitsire Chuma cha Makolo Chimene Chinafunkhidwa pa Nkhondo

Mu Febuluwale 1897, asilikali a Britain pafupifupi 1,200 analanda mzinda wa Benin, womwe lero uli m'dziko la Nigeria, ndipo anatuta m'nyumba yachifumu ya Oba (mfumu ya ku Benin) Ovonramwen zosula zamkuwa ndi zosema za minyanga ya njovu zikwizikwi. Zambiri zinagulitsidwa n'kumwazikana ku Ulaya ndi ku America. Boma, banja lachifumu kapena bungwe lachikhalidwe lofuna kuitanitsa chuma chotere lingaphunzire zambiri pa njira imene a ku Nigeria adutsamo.

Yambani ndi kudziwa kumene chinthu chilichonse chili, pamodzi ndi nambala yake ya m'kaundula wa nyumba yosungiramo zinthu zakale imene ikuchisunga, chifukwa kalata yongoti "tibwezereni zathu zonse" siivuta kuyikankhira pambali. Kaundula wa pa intaneti wa Digital Benin, amene anatsegulidwa mu 2022, anasonkhanitsa zinthu zoposa 5,000 zosungidwa m'malo 131 m'mayiko 20.

Ntchito yaikulu ndi yolondola manja amene chinthucho chadutsamo kuchokera tsiku limene chinachotsedwa kwawo. Fufuzani makalata a asilikali, mabuku a malonda a okushoni, zithunzi zakale ndi zolemba za amene anachipereka ngati mphatso, ndipo musanyoze mbiri imene akuluakulu a kunyumba yachifumu amaisunga pamtima. Tambala wamkuwa amene anakhala zaka zambiri m'chipinda chodyera cha Jesus College ku Cambridge anaperekedwa kumeneko mu 1905 ndi munthu amene anali nawo pa ulendo wa nkhondo ya ku Benin ya 1897 ija, choncho panalibe pozembera, ndipo anabwezedwa mu Okutobala 2021. Mwezi womwewo yunivesite ya Aberdeen inabweza mutu wamkuwa wa Oba, ngakhale kuti inachita kuugula pa okushoni mu 1957. Apa mpofunika kumvetsa: risiti imangosonyeza kuti wogula analipira, koma siichotsa mfundo yakuti chinthucho chinachoka kwa eni ake mokakamiza.

Musathamangire kukhoti. Pangano la UNESCO la 1970 loletsa malonda ozembetsa zinthu zachikhalidwe siligwira ntchito pa zimene zinachitika lisanakhazikitsidwe, ndipo malamulo a mayiko ena amamanga manja osunga zinthuzo. British Museum, yomwe ili ndi zinthu za ku Benin pafupifupi 900, imaloza ku lamulo la 1963 limene limailetsa kupereka katundu wake. Ku France panafunika lamulo lapadera la 2020 kuti zinthu 26 zolandidwa ku Abomey mu 1892 zibwerere ku dziko la Benin (lomwe ndi losiyana ndi ufumu wa Benin wa ku Nigeria). N'chifukwa chake nkwanzeru kuyamba ndi mayunivesite komanso malo ang'onoang'ono amene ali ndi mphamvu yodzigamulira okha, pamene akazembe akukambirana ndi maboma. Germany inasainira mu Julaye 2022 kusamutsa umwini wa zinthu zoposa 1,100 popanda chigamulo cha khoti.

Gwirizanani kwanu komweko za amene adzalandire chumacho, ndipo chitani zimenezi musanatumize kalata. Ku Nigeria zokambirana zinkayendetsedwa ndi bungwe la boma loona za zinthu zakale, koma mu Malichi 2023 Pulezidenti Muhammadu Buhari analengeza kuti mwini wake wa zobwezedwazo ndi Oba Ewuare II. Chigamulochi chinali ndi maziko, pakuti zinthuzo zinatengedwa m'nyumba ya makolo ake, komabe kubwera kwake pakati pa ulendo kunapatsa ena ku Ulaya chifukwa chozengerezera.

Pa pangano lenilenilo, onetsetsani ngati akukupatsani umwini kapena akungokubwerekani. Mu 2024 zinthu 32 zagolide ndi siliva za ufumu wa Asante zinafika ku Kumasi m'dziko la Ghana kuchokera ku British Museum ndi Victoria and Albert Museum, koma mongobwereka kwa zaka zitatu zomwe zingathe kuwonjezeredwa. Kwa anthu amene akufuna kuona chuma cha makolo awo akadali moyo, kubwereka n'komveka, ngakhale kuti n'kowawa. Ngati mwasankha njira imeneyi, limbikirani kuti panganolo linene poyera kuti kulandira mobwereka sikutanthauza kuti mwasiya kufuna umwini, ndiponso litchule amene adzalipire mayendedwe, inshuwalansi ndi kasamalidwe ka zinthuzo.